Chisuweni cha Pafamu ya Nkhuku

Chileka,
Blantyre.
9 Novembala, 2024.

Okondedwa achemwali a Magret,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa latikwiyira, ndipo mayi ku Lirangwe anamaliza kale kugalauza, akungodikira mvula. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni inu simundilola kumaliza nkhani. Ndikangoyamba mumati, "Maluwa, ukwatiwa liti?" Lero ndiye mundimvera mpaka kumapeto, mufune musafune.

Achemwali, ndawina mlandu, ndipo mtima wanga sukukwana m'chifuwa. Mukudziwa kuti chiyambire uloya, milandu yanga ndi ya amayi ovutitsidwa pantchito: ochotsedwa chifukwa cha pakati, oseweretsedwa ndi mabwana, olandira zochepa pomwe ntchito ndi imodzi ndi amuna. Anzanga m'tauni amanditcha loya wa misozi. Yambiri mwa milanduyi imafera m'njira. Amayi odandaula amabwera Lolemba atalusa, pofika Lachisanu amuna awo kapena abusa awauza kuti akhululuke, basi foni osayankhanso. Koma wa ulendo uno sanathawe.

Mukumukumbukira Maliyamu, mwana wa a Useni a kuseri kwa msika wa Lirangwe? Ankagwira ntchito yosankha mazira pafamu ina ya nkhuku kuno ku Chileka. Kapitawo wake anali a Tobias, mwana wa azakhali ake, ndiye kuti msuweni wake weniweni. Bambowa anayamba ndi pakamwa, "mkazi wanga" apa, "mkazi wanga" apo. Kenaka manja. Ankadikira kuti mtsikanayo anyamule mathireyi a mazira, manja onse atanganidwe, iwo ndiye nthawi yawo imeneyo. Atakadandaula ku ofesi anangomuseka, ati za pachibale kakambiraneni kumudzi. Tsiku lina zinamukwana, anatula mazira pansi n'kuwamenya dzanja anthu akuona. M'mawa mwake alonda anamubweza pageti, ati wachotsedwa ntchito chifukwa cha mwano. Ameneyu ndi munthu wolera yekha ana awiri.

Atabwera ku ofesi kwanga sanachulutse mawu. Anati, "Achemwali, ine ndikufuna ntchito yanga. Ndiponso anthu adziwe kuti sindine wamwano."

Kumudzi ndiye kunavuta. Nditapita ku Lirangwe mayi anandikhazika pansi. "Iwe Maluwa, chisuweni chinayamba iwe usanabadwe. Ukufuna kukamangitsa munthu chifukwa cha macheza?" Ndinawayankha kuti sindikumangitsa munthu, ndikungofuna Maliyamu abwerere kuntchito. Tsiku limenelo sanandiperekeze pokakwera minibasi, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Tsiku la mlandu, kukhoti loona za pantchito ku Blantyre, loya wa kampani sanakane n'komwe kuti a Tobias ankamugwira Maliyamu. Iye anati amenewo ndi macheza a pachisuweni, mwambo wathu, osati nkhanza. Anabweretsa ndi mboni yomwe, a January, mwini mbumba wa kwa a Tobias, atatchena jekete yawo ya kutchalitchi. Mkuluyu anafotokoza bwino zedi kuti msuweni amatchula mnzake mkazi wake, amamukoka nsalu, amamunyogodola pagulu, ndipo palibe mlandu. Anthu m'khoti ankangogwedeza mitu. Maliyamu anazyolika, ndinaona kuti wataya mtima.

Koma loya mnzangayo chisuweni anachimva theka, mwina anachita kuuzidwa pafoni. Ine ndi inu tinachisewera, ndipo mukudziwa mmene tinkamusautsira Davie wa amalume mpaka kuthawa pakhomo. Ndinaimirira, ndinawapatsa moni a January mwaulemu wonse, n'kuyamba kufunsa.

"Bambo, pachisuweni wocheza ndi mwamuna yekha?"

"Ayi mwananga, onse awiri. Mkazinso amabwezera, mwinanso kuposa mwamuna."

"Nanga mkazi akamumenya dzanja msuweni wakeyo?"

Anaseka. "Apo ndiye macheza akoma. Mwamuna amangoseka basi. Wokwiya pachisuweni timamuona wopepera."

"Nanga mkazi akanena kuti basi, sindikufuna?"

"Zathera pomwepo. Ukapitiriza si chisuweninso, chimenecho ndi chipongwe."

"Zikomo bambo. Tsono mwamuna amene wamenyedwa dzanja, m'malo moseka n'kumuchotsa ntchito msuweni wake, ameneyo tizimutcha chiyani?"

A January anangoti kukamwa yasa. Achemwali, apa m'pamene ndinazindikira kuti a Tobias anamubisira nkhani mkuluyu. Kumudzi a Tobias ankauza anthu kuti Maliyamu anasiya yekha ntchito chifukwa cha ulesi. A January anatembenuka pomwepo, kuiwala kuti ali m'khoti.

"Iwe Tobias, mwana wa amalume ako unamuchotsa ntchito?"

Loya wa kampani anadzambatuka kuti atsutse, koma woweruza anamuuza kuti akhale pansi.

"Ine munanditenga kumudzi kuti ndidzanene za macheza," anatero a January. "Mwana amakuuza kuti usiye, iwe osasiya, mapeto ake ana ake agone ndi njala? Ayi, izi si zathu. Mwambo wathu musaunamizire."

Sindinafunsenso china. Ndinangothokoza khoti n'kukhala pansi.

Chigamulo chatuluka Lachitatu lapitali. Khoti lati Maliyamu anachotsedwa mopanda chilungamo, abwerere pantchito yake ndipo ampatse chipukutamisozi. Ladzudzulanso kampaniyo chifukwa chomuseka munthu wobwera ndi dandaulo. Eni famu achita manyazi, a Tobias awatsitsa pa ukapitawo. Ine, loya wathunthu, ndinavina pakhonde la khoti ndi gogoda wanga, anthu odikira milandu yawo akundiyang'ana, koma ndinalibe nazo ntchito. Maliyamu ankangoseka uku misozi ikutsika. Chiyambire Lachinayi atsikana ena a pafamupo akubwera ku ofesi mmodzimmodzi, ndipo amenewo a Tobias si asuweni awo n'komwe.

Mayi anandiimbira okha dzulo. Kupepesa ayi, mukuwadziwa. Angoti a January ayenda mudzi wonse kufotokoza zimene anamva kukhoti, kenaka n'kundifunsa ngati ndibwera kudzatenga mango asanathe.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa kalatayi. Chaka chija munasiya ntchito mwadzidzidzi kusitolo ya ku Limbe, munatiuza kuti mwatopa ndi kuimirira tsiku lonse. Tonse tinavomera. Koma ine ndinali ku sekondale, tinkagona chipinda chimodzi, ndipo makutu ndinali nawo. Sindinakufunseni nthawi imeneyo, ndipo lero sindikufunsani. Ndikungofuna mudziwe kuti ntchito iyi sindinaisankhe mwangozi. Nthawi ija munalibe wokuimirirani, ndipo zimandipweteka mpaka pano. Poimirira m'khoti muja ndinkaimirira anthu awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Prince ndi Miracle. Mayi akupereka moni, akuti mubwere pa Khrisimasi. Maliyamu nayenso akuti moni. Wachapa kale yunifolomu yake, Lolemba akalowa pageti la famu m'mamawa anthu onse akuona, ndipo ndikamuperekeza ndekha. Ndikanakonda mukanakhala pafupi, achemwali, tikanamuperekeza tonse awiri.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Maluwa.