Chithunzi cha m'mimba mwa amayi

Lachinayi, 14 Juni. Ndatopa, miyendo ikuwawa, koma mtima wapepukako.

Lero ndinakweza amayi pa njinga kuchokera ku Chiringa mpaka kuchipatala. Miyezi isanu mimba yawo ikukula, anthu akunong'onezana kuti mayi wamasiye watenga pathupi. Kutchalitchi mpaka anawaletsa kuvala yunifolomu.

Adokotala anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuwaunika ndi makina. Kenako anati, "Mulibe mwana umu, mayi. Ndi chotupa chodzaza madzi. Chifunika opaleshoni."

Amayi anangofunsa kuti, "Nanga chithunzicho mundipatsa?"

Achikulunga m'mpango, akuti Lamlungu akachiyendetsa benchi ndi benchi, onse aone. Panopa akusita yunifolomu yawo, akuyimba. Sindinawafunse ngati akuopa opaleshoniyo. Wamantha ndine, ndipo akudziwa, chifukwa ayamba ndi kusita malaya anga.