Khutu la Bestone

Edingeni, Mzimba

Okondedwa achimwene a Louis,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Zomba. Bondo lija linasiya kuvuta? Ife kuno thupi lokha ndiye lili bwino. Kezia wayamba sitandade 2, ndipo Chitumbuka akundiposa ine amene ndakhala kuno zaka zisanu ndi zinayi.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pamene foni ndili nayo. Masiku ano foni yanga imaswera m'thumba la alamu anu a Zondwayo. Kalatayi ndapatsira mnzanga wa kuchipatala kuti akaiponye ku Mzimba boma, chifukwa kuno sindikudziwanso woti ndimukhulupirire.

Mukudziwa kuti kuno ng'ombe ndiye moyo. Chaka chatha akuba anatikwana, m'makola kutsala ndowe zokha, ndipo apolisi ankafika nyama itadyedwa kale. Ndiye amuna a midzi inayi anapanga gulu, amati Majaha, mtsogoleri wake alamu anuwo. Amakumana Loweruka masana kudambo, ati akuphunzira gule wa ingoma, choncho zibonga ndi nthungo palibe angawafunse. Koma ine ndinaona mfuti ziwiri zagogodela zitakulungidwa m'chikopa, ndipo ingoma savina ndi mfuti.

Umbava unathadi, bodza n'loipa. Amayi pachigayo amawaimbira nyimbo, kutchalitchi amawapempherera. Koma a Evance, wapolisi watsopano wochokera ku Mulanje, ananena pamsonkhano kuti anthu ogwira zida, oweruza okha n'kulanga okha, ndi zigawenga basi. Panali chipwirikiti. Apongozi anga aamuna anati chigawenga ndi uja timamumva pa wailesi akutentha midzi ya eni, osati mwana wolonda khola la bambo ake. Mphunzitsi wina anati tisalimbane ndi dzina, tiyang'ane kuti amene akuyenda ndi mantha tsopano ndani. Anamukuwiza, ndipo mpaka lero palibe amamugulitsa mkaka.

Ine ndinali mbali ya apongozi, ndikuvomera. Mu Juni kunabwera munthu kuchipatala khutu lili magazi okhaokha. Ndinamusoka osayang'anitsitsa, n'kulemba kuti anakodwa ndi waya. Mumtima ndinati wakuba ameneyu, wadziputira yekha.

Sabata yatha anabwera wina, Bestone, bambo wogulitsa tomato panjinga, amene ndimamugula Lachisanu lililonse. Nditamutsuka magazi, ndinaliyang'anitsitsa khutu lake. Kuno khola lililonse lili ndi kadulidwe kake ka makutu a ng'ombe, kuti ikasochera mwini wake adziwike. Khutu la Bestone analidula mphanda kunsonga, ndi timizere tiwiri m'munsi. Mukadzapita kwathu ku Dowa, kayang'aneni makutu a ng'ombe zija a Zondwayo anaumirira kutipatsa za malowolo anga. Ndi chimodzimodzi, achimwene.

Ng'ombe imene ankati Bestone waba inapezeka m'mawa mwake itatitimira m'matope, ili moyo. Palibe anapita kukapepesa.

Bestone anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ndapota chomene, anesi, mulembe kuti ndagwa panjinga. Mukalemba zoona, mbwenu abwera kudzatenga linalo."

Masana ake ndinawafunsa alamu anu. Anaseka, nati ntchito ya namwino ndi kusoka, osati kufunsa. Nditalimbikira, anasiya kuseka. "Anyina Kezia, inu ndinu alendo kuno. Munthu atha kupita kwawo, koma mwana ndi wapano, ng'ombe zinapita kale." Ine za kupita ndinali ndisanatchule n'komwe. Ndiye anaziganiza liti?

Kuyambira tsikulo ndikukayikira aliyense. Mlonda wa kuchipatala amandipatsa moni wautali kwambiri. Alamu anga aakazi ayamba kudzacheza tsiku lililonse, maso ali pachikwama changa.

Inu ndinu msilikali, munapita ku Congo. Munandiuzapo kuti ena mwa magulu munakawaona kumeneko anayamba ndi kulonda minda yawo, anthu n'kumawaphikira. Ine ndinati zimenezo n'zakutali. Ndiuzeni tsono, mlonda amasanduka chigawenga tsiku liti? Alamu anuwa ndagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezi, koma tsikulo sindinalione.

Za njinga sindinalembe. Ndinalemba zimene ndinaona, ndipo khutulo ndinalijambula papepala, dzina langa pansi. A Evance adzatenga pepalalo pa 21, akabwera kuchokera kuboma. Bestone ndinamuuza kuti athawire kaye kwa abale ake ku Kasungu, koma sindikudziwa ngati ndamuthandiza kapena ndamupereka. Ndili ndi mantha, ndipo chondinyansa n'chakuti a Zondwayo ndimawakondabe.

Dzulo ndinampeza Kezia kuseri kwa nkhokwe ali ndi lezala, akudula khutu la chidole chake. Anati chaba mbuzi, ndipo akuchita monga adada. Sanamve kwa munthu, achimwene, anaona ndi maso.

Chonde bwerani tsiku la 21 lisanafike. Musavale yunifolomu, ndipo musandiimbire foni. Mudzanene kuti amayi akufuna kuona mdzukulu wawo, mwina apongozi sangakane pamaso panu. Kwathu mwini mbumba ndinu, mwanayu mudzamutenge. Ine nditsala, chifukwa ndikachoka naye limodzi adziwiratu, komanso pachipatala pano namwino ndine ndekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi musawauze kanthu, mtima wawo mukuudziwa. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira. Zovala za Kezia ndalongedza kale, zili kuchipatala m'katoni ya mankhwala.

Ndine mlongo wanu,
Mtisunge