Kachigawo kobwereka ka a Howard

Lolemba, 13 Januwale

Bwana wanga a Howard akakamira zawo. Pulogalamu yathu yochenjeza za madzi osefukira imalandira mameseji kwa oyeza mitsinje, monga "Mkhumba madzi 3". Ndinkafuna kulemba ndekha kachigawo kogawa mawuwo. Iwo akuti edita yomwe timalembera mapulogalamu ili nako kale komasulira malamulo olembedwa pamzere, ndingokaitana kuchokera m'pulogalamu yathu. "Usatichedwetse Aliness, anthu anzeru anatilembera kale." Ine ndiye wopusayo.

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndakaitana. Kakugwira bwinobwino, mpaka kundinyansa.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndakapeza chilema. Kakalandira mzere wosaumva sikabweza yankho loti mwalakwitsa, kamangotseka zonse monga kamachitira kwawo mu edita. Pulogalamu yathu imafera pomwepo, zii, ngati mlendo wazimitsa nyale m'nyumba ya eni. Chenjezo silituluka.

A Sitima, oyeza mtsinje ku Mkhumba, amalemba pa kafoni ka mabatani ndi zala zonyowa. Meseji yoongoka kwa iwo ndi yamwayi. Ndawauza a Howard, ati, "Ukawaphunzitse kulemba bwino." Munthu mvula ikumukwapula azisamala mipata ya pakati pa mawu? Ndapsa mtima zedi.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndinakamangira kampanda koti kakafa kazifa kokha. A Howard achotsa. Ati opereka thandizo akubwera mawa, chomwe chikuyenda tisachigwire.

Lachisanu, 17 Januwale

Chionetsero. A Howard amalemba okha mameseji, oongoka bwino, alendo m'manja phuphuphu. Ine ndimagawa zakumwa. Dzina langa silinatchulidwe, ndipo bola lisakhalepo. Masana andisinthira pasiwedi, ati ndimakonda kugwiragwira.

Loweruka, 18 Januwale

Mvula chiyambire m'mawa, phiri la Michesi silikuoneka. Ndaimbira amayi anga a Fainess ku Mkhumba. Nyumba yathu ija ili kumunsi, pafupi ndi mtsinje.

"Ife tili phee, mwanawe, tikudikira meseji ya makina ako. Anthu kuno akuti ndi a mwana wa Fainess, sanganame."



"Amayi, musadikire meseji. Tengani mabulangete mukwere kusukulu. Muwauzenso a Sitima, madzi akakwera asalembe, azingokuwa."

Pafoni ndimamva mvula pa malata awo.

"Nanga anthu ndiwauze chiyani?"

"Muwauze kuti wanena ndi mwana wa Fainess."