Tebulo la Amayi ku Madrid

Punata, Bolivia,
9 Okutobala.

Okondedwa achimwene a Wilfredo,

Sabata yonse yapitayi sindinapeze tulo, ndipo chondisowetsa tulocho ndi bodza limene ndawauza bambo m'dzina lanu. Ndayambira pomwepa dala, chifukwa mukundidziwa, nditha kudzaza mapepala awiri ndi nkhani za ng'ombe ndi mvula kenako n'kusaina. Kalatayi ndailemba pamanja ndipo ndiijambula pa foni, poti ndikamva mawu anu ndimangoyankha kuti zonse zili bwino.

Kuno tili moyo, Mulungu akutisunga. Bondo la bambo likuvutabe m'mawa koma munda wa chimanga agaula okha, ndipo sakufuna kumva za ganyu. Ma viza tinakatenga, tikuthokoza chifukwa cha mapepala onse munatumiza aja.

Lamulungu lija pa foni munatiyalira ulendo wonse wobwera kwanu ku Madrid. Munati poti bambo akana kukhalitsa chifukwa cha kubzala, masiku ochepawo tiwagwiritse ntchito bwino: tikangopuma tidzaone nyumba yachifumu ndi tchalitchi cha Almudena, mawa lake zojambula za ku Prado ndi timabwato ta ku Retiro, kenako bwalo la mpira. Munati tidzakwera sitima yapansi panthaka, ndipo bambo asadzavule chipewa kupereka moni kwa aliyense. Iwo ankangogwedeza mutu, munawaona. Koma titatseka foni anandifunsa kuti tsiku la zojambulalo ndi liti. Ndinati pa 1 Novembala.

Anati, "Ndiye amayi ako adzapeza chitseko chili chokhoma."

Sindikukuphunzitsani, achimwene, munakuliramo. Mizimu imafika masana a tsiku la Oyera Onse n'kunyamuka masana a mawa lake, ndipo pa matebulo a chakudya amene timaiyalira, la chaka choyamba ndilo lalikulu, silidumphidwa. Amayi atisiya mu Malichi, ndiye chaka chawo ndi chino. Apa ndiulule china: ine tsikulo ndinaliona kale, matikiti atangofika, koma ndinakhala chete. Ndinkafuna kupita. Kuyambira pamene asisitere ankationetsa zithunzi za zojambula zija ku sekondale ndakhala ndikulota nditaima patsogolo pake. Ndinagula ndi nsapato zoyendera. Ndinadziuza kuti mwina bambo aiwala, ngati kuti munthu angaiwale mkazi amene anakalamba naye.

Tsiku lomwelo anati iwo sapita, ndipite ndekha ndikawajambulire mdzukulu wawo. Ndinalira, ndinakalipa, ndinawauza kuti mwana wawo wavutika kukonza zimenezi. Iwo anangotenga ndowa n'kupita kukhola.

Nkhani inafika kwa a Primitiva, oyandikana nafe aja, poti pano mpanda sutchinga mawu. Anabwera ndi mtima wabwino ndithu, akuti ndi amayi anali ngati pachibale, tiwasiyire kiyi adzayala tebulo ndi kutsekula chitseko okha. Bambo anawayang'ana n'kunena kuti, "A Primitiva, mkazi wanga wakhala zaka zonsezi akuyamikira nkhuku yanu pamaso panu, mukatembenuka n'kupatsa galu. Mukufuna mumuvutitsenso atafa?"

"Inu a Eusebio musandiyambe," anatero iwo. "Pa maliro paja munadya mbale ziwiri za nkhuku yomweyo, misozi ili chuchuchu."

Anaseka onse awiri, koma kiyi sanaperekedwe. Bambo akuti mlendo salandiridwa ndi oyandikana nawo nyumba eniake ali moyo.

Ndinapita kwa ansembe a Anselmo kuti andithandize. Itatha Misa anawaitana bambo pambali n'kuwauza modekha kuti kwa amene ali ndi Mulungu kulibe kutali, ndipo pemphero la ku Madrid limafika chimodzimodzi ndi la ku Punata. Pobwerera bambo ankang'ung'udza kuti ansembewo ndi a ku Santa Cruz, zakuno sazidziwa. Ine ndinayesa kuti basi, ulendo wafa.

Koma mawu aja anawalowa mwa njira yawo. Mawa lake tikudya chamasana anaika supuni pansi n'kuti ngati kulibe kutali, ndiye kuti amayi atha kufika ku Madrid. Anati tebulo tikayale kwanu. Ndinawafunsa kuti nanga njira adzaidziwa bwanji, munthu sanakwerepo ndege. A Primitiva nawonso amati mzimu umapita kunyumba imene unkakhala, osati kwina. Bambo anati, "Mkazi uja ankandipeza kulikonse kumene ndabisala ndi mowa wa chicha, ngakhale ku Arani. Alephera kupeza mwana wake?"

Achimwene, kuyambira mu Malichi sindinawaone nkhope yawo ili choncho. Anakumbutsa kuti amayi ankasunga chithunzi cha nyumba yanu yosanja ija, ndipo ankaonetsa alendo windo lanu. Kenako anati ndikufunseni ngati inu ndi alamu a Maite mungalole, chifukwa nyumba ndi yanu, iwo sangayale tebulo pa eniake.

Ndinalonjeza kuti ndifunsa, koma sindinafunse. Ndinatenga foni kangapo n'kuibweza. Ndinkakumbukira zimene munandiuza pa foni titangoika maliro, pamene ndinatchula za tebulo, kuti akufa sadya buledi. Ndikudziwa kuti munali ndi chisoni, komabe munanena. Ndinkaganizanso za alamu. Iwo ndi a konko, kwawo amangopereka maluwa kumanda, ndipo sindikuwadziwa mokwanira kuti ndiwapemphe kusandutsa pabalaza pawo kukhala malo a mizimu. Tsono bambo atandifunsa kuti mwayankha chiyani, pakamwa panga panangotuluka kuti mwavomera, ndipo mwakondwa. Mawu akuti mwakondwawo ndinachita kuwonjezera ndekha, palibe anandikakamiza.

Kuchokera tsiku limenelo bambo akudya bwino. Apita kumsika kukagula tinkhope topaka utoto toika pa t'antawawa, buledi woumba ngati munthu uja, ndipo anazungulira mabenchi onse kufuna kankhope ka masaya ofiira ngati a amayi. Nsalu yakuda yoyala patebulo aipinda kale, ili musutikesi pamodzi ndi chithunzi chachikulu chija cha pakhoma. Ankafuna kubisa chicha m'botolo la mankhwala a bondo, ndawaletsa. Dzana anakangana ndi a Primitiva madzulo onse pa funso loti mizimu imatsatira masana a kuti, poti inu mukamaimba dzuwa likupendeka, ife timakhala tikungoyamba kudya. A Primitiva amati kumwamba amayendera wotchi ya ku Bolivia. Bambo anagamula kuti chitseko chidzatsekulidwe masana a ku Madrid ndipo chikhale chotsekula mpaka masana a ku Punata atakwana, amayi asadzaime panja. Ine ndinali kukhitchini ndikumva zonsezi.

Loweruka ndinakalapa. Ansembe anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati chikhululukiro andipatsa, koma bodza silitha ndi korona yokha. Anati munthu woyamba kumuuza ndi inu, chifukwa dzina limene ndagwiritsa ntchito ndi lanu. Ndiye kalatayi ndi imeneyi. Ndikhululukireni.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndikupempha, kuti musavomere chinthu chimene simukuchiona bwino. Sitikufuna tebulo lofika kudenga ngati la kuno. Tebulo lanu lodyera likwana. Pafunika uvuni, kapena wophika buledi wa kwathu kuno, poti munanenapo kuti m'dera la Usera ku Madrid konko aliko. Pafunika makwerero a buledi oti mzimu utsikirepo ndi kukwererapo, nzimbe ngati zimapezeka, anyezi a mapesi aatali, makandulo, madzi, ndi nkhuku ya tsabola imene ndidzaphika ndekha. Chitseko chidzakhala chotsekula, ndipo ndikudziwa kuti chanu chimayang'ana pamasitepe podutsa anthu ena. Bambo adzafuna kuti aliyense wodutsa alowe apemphere n'kulandira buledi, ndipo sadzafunsa ngati munthuyo ndi Mkatolika kapena wobweretsa katundu. Sadzachoka patebulopo mpaka mawa lake masana. Izi zikutanthauza kuti Prado ndi timabwato zagwa, mwinanso bwalo la mpira likhala lothamanga. Ulendo umene mwakonza mosamala chonchi udulidwa pakati, ndipo tsiku lalikulu tidzalithera m'nyumba, tikuyang'ana makandulo.

Za Prado musandimvere chisoni. Zinandiwawa, sindikana, ndipo ndinachita manyazi pozindikira kuti ndikulirira zojambula kuposa tebulo la amayi anga. Ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Ngati patsala ola limodzi tisanapite ku bwalo la ndege, mudzangondionetsa khomo lake.

Pali chinthu china chimene ndakhala ndikuchitembenuza mumtima, ndipo mukaona kuti ndalowa pamene sindiyenera, mungodumpha ndimeyi. Munati mwasankha masiku amenewa chifukwa mu Novembala ndege sizidula. Mwina ndi zoona. Koma inu ndi amene munkatsogolera anzanu khomo ndi khomo pa Oyera Onse, thumba lili paphewa, kuimba mapemphero mokweza kuposa onse kuti akupatseni buledi wamkulu. Munthu wotero saiwala 1 Novembala. Ndikuganiza kuti simunafune kuti tsikulo likupezeni nokha kumeneko, muli pantchito, ife tili patebulo kuno. Mu Malichi mapepala anu anali asanatuluke, mukanabwera simukanabwereranso kwa mkazi ndi mwana wanu, ndipo maliro munawaonera pa foni imene a Primitiva anaigwira mozondoka theka la Misa. Pamaso pa anthu sindinakuimbenipo mlandu. Zamumtima mwanga ndinakambirana ndi Mulungu, ndipo zikuchepa. Ndikungoti mwina tebuloli si la bambo okha.

Ngati ndalakwitsa, ndipo inu mukuonabe kuti zonsezi ndi buledi chabe, sindikukupemphani kukhulupirira. Za chikhulupiriro chanu ndimapempherera, sindilalikira. Inenso sindidziwa ngati amayi adzabweradi. Chimene ndikudziwa ndi chakuti bambo akukhulupirira, ndipo popanda tebulolo sakwera ndege.

Mukakana, kapena alamu akakana, sindidzakwiya, ndipo chonde musawakakamize. Bambo ndidzawauza ndekha kuti ndinanama, sindidzalola kuti aganize kuti munavomera kenako n'kusintha. Tikatero tikhala kuno tonse awiri, chifukwa sindingawasiye ayale okha tebulo loyamba. Koma musanayankhe muganizireko izi: bambo akalamba, bondo lija chaka chamawa silidzalola ulendo wotere, ndipo mwana wanu Ainhoa sanagwirepo dzanja la agogo ake.

Mundiperekere moni kwa alamu a Maite. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pa bodza paja, adziwe mlamu amene akumulandira m'nyumba mwawo. Muwauze kuti ndidzatsuka ndi kukolopa zonse, ndipo phula la makandulo silidzagwera pa tebulo lawo. Ainhoa mumupsompsone pamphumi. A Primitiva akupereka moni, akuti muwatumizire mpango kudzera mwa ife, wofiira, osati wa nkhalamba. Moni wa bambo sindingaulembe, poti sakudziwa kuti ndikulemba. Ndingokuuzani kuti m'mawa uliwonse akamakama mkaka ndimawamva akuyeserera dzina la mdzukulu wawo, kulitchula mobwerezabwereza kuti asadzalakwitse pamaso pa mayi ake.

Chonde mundiyankhe lisanafike Loweruka. Anthu ayamba kale kulembetsa malo ku uvuni wa a Hilarión, ndipo ngati tikhala kuno ndiyenera kukatenga athu asanathe, apo ayi amayi adzasowa buledi kuno ndi konko komwe. Musadikire foni ya Lamulungu, chifukwa bambo akonzeka kukuthokozani, ndipo sindikufuna kuti mudzamve zikomo wa chinthu chimene simunapereke. Mawu amodzi akwana, inde kapena ayi.

Ambuye akusungeni nonse atatu.

Ndine mlongo wanu,
Nélida