Obwera Ake Ati?

Nkopola,
Mangochi.
14 Juni, 1987.

Okondedwa achimwene a Thomson,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli amphamvu kumigodi uko. Ife kuno tili bwino, kungoti chimfine cha Juni chawagwira ana onse awiri. Musadabwe kuti envulopu ilibe sitampa. Ndapatsira a Sumani pamanja poti akubwerera ku Joni Lachinayi, ndipo zimene ndalembamu si zoti zidutse ku positi. Mukatha kuwerenga musonkhezere moto.

Nkhani yanga ndi ya mlamu wanu Ajira. Eya, yemwe uja munkandiletsa, munkati mphunzitsi wa ku Ntchisi, mwana wa mkulu wa mpingo, akatani kuchikamwini kwa Asilamu a kunyanja. Lero pa Nkopola pano ndikuyenda moyerekedwa chifukwa cha mkazi ameneyu, ndipo sindikubisirani, ndikumunyadira koopsa. Koma kuti mumvetse, ndiyambe ndi manyazi anga.

Mwezi wathawu tinali ndi chisankho cha aphungu. Mukudziwa mmene zimakhalira, chipani ndi chimodzi koma mayina amatuluka angapo. Kudera lathu anatuluka awiri. Wina ndi Che Amidu, mwini golosale pa boma, amene ali ndi malole awiri otengera nsomba ku Limbe. Wina ndi Che Dinala, hedimasitala wopuma ntchito, munthu woyenda pa njinga yopanda belu. Kampeni ndi yoletsedwa. Akuluakulu a chipani amangowaimika pamsonkhano, kutchula mayina awo, iwo n'kuwerama, basi zatha. Ndiye kampeni yeniyeni imayenda monong'ona, pamaliro, padoko pogula usipa, ndi potuluka mumzikiti Lachisanu.

Mu Malichi Che Amidu anandiitanira kuseri kwa golosale yawo n'kunditsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi. Anati, "Aphunzitsi, inu mumatha kuluka mawu. Ndipezereni mawu ochepa oti anthu azinong'onezana mpaka tsiku lovota. Ndikangopita ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba, uhedimasitala ndi wanu." Achimwene, zaka khumi ndi chimodzi ndikudya choko, anzanga amene tinatuluka nawo ku koleji akundidumpha ndikuona. Ndinavomera botolo lisanafike n'pakati pomwe.

Ndinaigwira ntchitoyo mwaukatswiri, ndikuuzeni. Loweruka katatu ndinakwera njinga kupita ku boma ndi kope m'thumba. Ndinakhala pamsika, ndinaima pamzere wa kuchipatala, ndinacheza ndi makalaliki pamalo pamene amamwera. Paliponse nkhani inali imodzi, ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki amene akulowera pa Chiponde ndi mitolo pamutu. Uyu akuti atalikitsa mzere wa kuchipatala, uyo akuti atha nkhuni, winayo akuti akulima ganyu ya mbale imodzi ya ufa. Ine n'kumangochonga m'kope, kudzimva nzeru. Sindinafunse msodzi ngakhale mmodzi padoko, kapena mayi mmodzi pachitsime. Ndinabwerera kwa Che Amidu ndi mawu atatu: obwera abwerere kwawo.

Anaomba m'manja bambo aja. Kenaka anaikapo zawo. Anati akapambana adzauza matcheyamani alembe makomo onse amene akusunga anthu opanda mapepala, ndipo malole awo omwewo adzawanyamula ulele kukawatula pa Chiponde.

Apo ndiye ndinakumbukira za kunyumba kwanga. Sindinakuuzenipo, koma chiyambire Januwale m'khitchini mwathu mukugona Che Mwanabibi, mng'ono wawo wa apongozi anga, ndi adzukulu awo awiri. Mudzi wawo wa ku Mozambiki, kupitirira Mandimba, unatenthedwa, ndipo anayenda masiku asanu ndi anayi kuti afike kuno, mapazi atatupa ngati maungu. Pepala alibe lililonse. Chiyao chawo ndi chomwechi cha Ajira, amatiyanikira usipa, amatilerera ana. Pochonga m'kope muja iwo sanandibwerere m'mutu n'komwe, chifukwa kwa ine si obwera, ndi apongozi. Ndinatsazika Che Amidu, mumtima n'kumati ndidzawapempha pambuyo pake kuti khomo langa alidumphe. Ajira sindinamuuze kanthu.

Mawu aja anathamanga kuposa mmene ndinkaganizira. Pasanathe masabata awiri anali atafika pachitsime chathu. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza Che Mwanabibi atamanga kamtolo kawo n'kukaika kuseri kwa chitseko. Anandigwadira, munthu wamkulu ngati uja, n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mumamva za ku boma. Lolelo akuti libwera liti? Ndikufuna ndichapiretu zovala za anawa." Ndinanamizira mutu n'kukagona dzuwa likadali pamwamba.

Kutatsala sabata imodzi kuti Asilamu ayambe kusala, m'mudzi mwathu munali sadaka ya masiku makumi anayi ya mkulu wina wosema mabwato. Sadaka ndi phwando lopempherera malemu, ndipo kumabwera anthu a midzi yonse yozungulira. Che Amidu anabweretsa mbuzi ndi thumba la mpunga, choncho a shehe atatha mapemphero anawapatsa mpata kuti apepese anamfedwa. Ife amuna tinali pamikeka pansi pa mango, amayi kumbali ya kumaphikiro, ndipo anyamata atatu a malaya ofiira a chipani anali ataima chapatali.

Anapepesa bwino ndithu, ndi Chichewa chawo cha ku Limbe chija. Kenaka anakhosomola n'kunena kuti, "Abale anga, m'dziko muno mwathina. Obwera atichulukira. Sindinena zambiri, koma Mulungu akalola, obwera abwerere kwawo, ndipo mayendedwe ndi anga." Anayang'ana kwa ine ngati mwana wa sukulu amene walakatula bwino ndakatulo. Amuna onse maso anali pamkeka.

Nthawi yomweyo Ajira anali akutula beseni la mpunga patsogolo pa a shehe. Sanadzuke ayi. Ali chigwadire, manja ali pamodzi mwaulemu, analankhula mawu omveka mpaka kumaphikiro.

"Pepani Che Amidu, ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndiye mundithandize. Obwera ake ati? Chifukwa pamikeka pano mwamuna aliyense ndi wobwera. Amuna anga awa ndinawatola ku Ntchisi. A shehe kwawo ndi ku Makanjira, kuno anangodzakwatira. Malemu amene tikuwadyera mpungawa anachokera ku Lichinga ali mnyamata. Ndiye lole lanulo liyambira khomo la yani, kuti tiwakonzeretu kamba?"

Achimwene inu! Ndinayang'ana a malaya ofiira aja, ndinayang'ana msewu, ndinaona kale ana anga ali opanda mayi. Ndiye kumaphikiro kuja kunamveka Che Mwanamvua, mayi wogulitsa zitumbuwa pasukulu pathu, akukuwa kuti, "Liyambire kwanga, chonde! Zaka makumi atatu mkamwini ameneyu sanandifolerepo khitchini!"

Ha! Phwete limene linaphulika pamenepo simunalionepo pa sadaka. Amayi kugwa chagada, ena kutchula amuna awo mayina kuti akwere nawo, a shehe kubisa pakamwa ndi mpango. Ngakhale mmodzi wa anyamata aja anatembenukira kumtengo mapewa akugwedezeka. Che Amidu anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ayi, ayi, simunandimve, ndikunena a ku Mozambiki." Che Mwanamvua sanawapatse mpata. Anati, "Iwe Amidu, mayi ako ndinavinidwa nawo chinamwali chimodzi ku Mandimba komweko. Ukayambe wakweza iwowo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala." Bambo aja anachoka mpunga wawo womwe asanaulawe.

Tangoganizani uchitsiru wanga. Ine Mchewa, mwana wa mkamwini, ndikukhala panthaka ya apongozi, kuiwala kuti kumudzi wobwera ndi mwamuna! Makalaliki a pa boma amakhala nyumba za lendi, mawuwo kwa iwo amatanthauza munthu wa dziko lina. Koma mavoti ali kumidzi, ndipo kumidzi eni nthaka ndi amayi.

Masiku atatu otsatira ndinkadzidzimuka ndi galimoto iliyonse. Lachinayi lake tcheyamani wa nthambi anaitanitsa Ajira. Ndinafuna kumuperekeza, iye anakana, anati ndikhale ndi ana. Anamanga khadi lake la chipani pakona ya chitenje n'kunyamuka ngati akupita kuchigayo. Paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma ine ndinaopa ndithu.

Anabwera masana akutafuna nzimbe. Akuti tcheyamani anamufunsa chifukwa chake anasokoneza msonkhano wa munthu wa chipani. Iye anayankha kuti, "Kodi unali msonkhano? Pepani bambo, ine ndimayesa sadaka. Ngati Che Amidu ankachita kampeni, lembani choncho, ndidinda chala." Tcheyamani anayang'ana cholembera chake nthawi yaitali, kenaka anachibweza m'thumba. Kulemba mlandu wa Ajira kunali kulemba kuti Che Amidu anathyola lamulo pamaso pa anthu mazana awiri. Che Amidu atafunsidwa analumbira kuti iwo anangopepesa maliro, za obwera sazidziwa. Mwamuona mlamu wanuyo? Wa Sitandade 4 ameneyo!

Nthawi yonseyi Che Dinala ankangopalasa njinga yawo m'midzi, kukhala pansi ndi anthu, kufunsa chimene chikuwapweteka. Amayi ankati mjigo unafa chaka chatha. Asodzi ankati msewu wopita padoko ukadzadza matope, nsomba zimawola zisanafike pamsika. Msodzi wina anandiuza kuti, "Aphunzitsi, wothawa nkhondo sanandidyerepo nsomba yanga. Chondivuta ine ndi ulusi wosokera khoka, sukupezeka m'sitolo." M'kope langa lija munalibe mjigo, munalibe ulusi.

Tinavota kumapeto kwa kusala, mabokosi awiri, lililonse lili ndi chithunzi cha mwini wake. Pamzere amayi ankafunsana kuti, "Wobwera wanu mwamusiya kuti?" n'kumaseka. Wailesi italengeza, mpando unali wa Che Dinala. Che Amidu masiku ano akandiona amayang'ana mashelefu, ndipo uhedimasitala ndauiwala. Sindikudandaula, choko ndachizolowera.

M'mawa wotsatira Ajira anali akutumbula chambo kuseri kwa nyumba, ine ndikupopa njinga. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Mawu aja anali anu." Ndinafuna kukana, koma anapitiriza. "Obwera abwerere. Wokonda mawu ogundana chonchi ndi inu, ngati nyimbo zimene mumapekera ana a Sitandade 2. Che Amidu sangapeke ngakhale dzina la galu."

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanandiulule pa sadaka paja. Anaseka pang'ono, anati, "Ndikanakuululani, amalume akanakubwezani ku Ntchisi wapansi, lole losafunika." Kenaka anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana. Anati, "Mayi aang'ono asadzamve zimenezi. Iwo amakuyesani munthu. Ndiye mukhale munthuyo."

Ndalira kawiri kokha chikulire changa, pamaliro a bambo ndi tsiku limenelo pambali pa njinga. Lolemba lake ndinapita ndekha kwa Che Dinala kukawafotokozera za Che Mwanabibi, ndipo anandiperekeza ku boma kukawalembetsa kuti akukhala kwa abale awo. Kamtolo kaja anamasula, tsopano akulima mbatata kuseri kwa khitchini.

Ndili ndi pempho, achimwene. Zaka zisanu ndi chimodzi makalata anu amathera pa mawu oti moni kwa onse a pakhomo. Ulendo uno mulembe dzina lake, Ajira, ndimuwerengere mokweza. Ndipo a Sumani akamabwera mu Disembala muwapatsire bulangeti lolemera lija la ku Joni, likhale lake, lochokera kwa alamu ake.

Mundiperekere moni kwa anyamata onse a kwathu amene muli nawo pakomponi. Ana akuti moni kwa bambo aakulu, ndipo wamkuluyo wayamba kuwerenga. Ajira akuti musamale chifuwa ndi fumbi la pansipo.

Moni womaliza ndi wa Che Mwanabibi. Atamva kuti ndikulembera ku Joni anabwera kudzakhala pakhomo, ndipo sanachoke mpaka nditalemba mawu awo. Ali ndi mwana wamwamuna, dzina lake Abudu, bambo wa adzukulu awiriwa, amene anapita kumigodi nkhondo isanafike kwawo. Sakudziwa kuti mudzi unapsa, sakudziwa ngati mayi ake ndi ana ake ali moyo. Ndi wamtali, ali ndi chipsera pachibwano. Akuti mufunse kwa anyamata a ku Mozambiki olankhula Chiyao, ndipo mukamupeza mumuuze chonchi: "Usatifune ku Mandimba. Tili pa Nkopola kwa mwana wanga Gilford, munthu amene sanalole kuti lole litinyamule."

Ndalemba monga ananenera, ndipo ndawawerengera kawiri kuti akhutire. Mukamupeza Abuduyo mumuuze momwemo, achimwene. Zinazo zithere pa inu ndi ine.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Gilford.