Chimene chinkalira m'makina aja

Amake ana,

Musayatse makina oumitsira zovala! Ndathamangira kukagula lamba wa makinawo. Wakaleyo ndadula ndekha poganiza kuti ndiye ankalira, pepani.

Koma mayi anuwa, abale! Atandiona ndikuvutika, anatenga sikuludiraiva, nsonga pamakina, chogwirira pakhutu, n'kumapukusa mgolo woikamo zovala ndi dzanja. Akuti ankatero kufakitale ya nsalu. Anangoti, "Bambo, lamba analibe mlandu. Pali kachitsulo kakukhula pansi apa." Titatsegula, mphete yanga yaukwati ija! Miyezi itatu mukundikayikira kuti ndinaivula dala, iyo ikukuwa m'nyumba momwe muno.

Zovala ndayanika pachingwe, mvula ikayamba muanule. Mphete ndavala, ngakhale yapindika. Mpando wanga wa pabalaza uja, kuyambira lero ndi wa mayi.