Mfumu ya Kumasanje

Maganga, Salima
11 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Godwin,

Kuno tadzuka bwino, mpunga wayamba kutulutsa ngala. Kaya inu ku Joniko?

Lachiwiri, ndikusanja mabuku akale kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ndinawerenga za kamfumu kena ka ku Mangalande, zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Kanalowa ufumu kakuyamwa, bambo ake atamwalira. Abale a bambo akewo ndiwo ankalamula m'dzina lake uku akukanganirana. Mwanayo anakula wofatsa, wokonda mapemphero, ndipo mapeto ake anamulanda mpando. Ndinayamba ndi kuseka, kenako misozi, chifukwa ndinakumbuka masanje athu.

Mukukumbuka chaka chija tinamanga timisasa ta mapesi kumunda kwa amayi titakolola? Munamulonga ufumu mng'ono wanu Lawson, mamina ali chuchuchu. Chisoti chake chinali cha makoko a chimanga, mpando wake mtondo wovundikira. Inu ndi achimwene a Chrispin ndiye munali nduna. Chinangwa chikapsa munkafuula, "Mfumu yanena kuti chonse chibwere kuno!" pamene mfumuyo ili m'tulo kumsana kwanga. Dyera munayamba kale, achimwene! Masiku amenewo ndimawasowa, ndipo Lawson ndimamusowa koposa.

Chimwalirireni iye, aliyense akuti boti ndi maukonde ake ndi za mwana wake Tadala. Kunena n'kosavuta. A Chrispin akufuna kupita nalo botilo ku chilumba cha Mbenji usodzi ukatsegulidwa mwezi wamawa, akuti akumusungira mwana. Inunso munaimba foni kuti ligulitsidwe, mukuti n'kumuthandiza mwana yemweyo. Mayi ake a Tadala, alamu a Edina, palibe amene wawafunsa.

Dzulo a Chrispin ankalipaka penti, n'kufufuta dzina limene Lawson analemba ndi dzanja lake. Tadala anaima pamchenga akadali mu yunifolomu.

"Azakhali, akufufutiranji?"

"Akulikongoletsa, mwanawe. Si lako?"

"Ndiye ndikawauza kuti asiye, asiya?"

Ndinangomutuma kukatunga madzi.

Sindikukuweruzani, koma inu ndinu wamkulu wathu, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Chonde bwerani Pasaka isanafike, tidzakhale pansi tonse, alamu a Edina ali pomwepo. Musamalize nkhaniyi pafoni. Botilo likangopita ku Mbenji, sindikhulupirira kuti lidzabwereranso m'manja mwa mwanayu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Hope ndi ana onse. Amayi akuti musaiwale mankhwala a miyendo aja. Tadala ali pambali panga pano, akuti moni, komanso akuti mukabwera mudzamupemphereko kwa a Chrispin akwere m'botimo kamodzi kokha. Chibadwire sanakweremo, bambo ake ankati adikire akule.

Ndine mlongo wanu,
Molly